Mawu a Atate Pansi pa Chitenje

1. Makoluna osalankhula

M'nyumba ya amayi Bernadete, kumapeto kwa Ulongwe, munali makoluna awiri amatabwa, mabokosi otulutsa mawu a nyimbo, aatali kufika m'chiuno mwa munthu wamkulu. Anali a malemu amuna awo, a Mathero. Chiwotchereni mphenzi ampulifikadolo ya bambowo, makolunawo sanatulutsenso mawu. Pamwamba pa limodzi pankakhala nyali. Pa linzake Odete ankapindirapo matewera a mwana wake.

Odete anali woyamba kubadwa m'nyumbamo. Shikola anaisiyira panjira, ndipo tsopano anali ndi Mwayiwathu kumsana. Mlongo wake Dário ndiye anali mu desima kalasi, kalasi ya khumi, ndipo ezame, mayeso aakulu, inali pakhomo. Masamu ankawatha, pamenepo tisamunamizire. Koma anali mtundu wa anthu opukuta nsapato kawiri asanatuluke, osafunsa kuti sopo watsala wotani m'nyumba.

Tsiku lina amayi anatsegula bokosi la zovala, natulutsa kaseti yokulungidwa m'mpango.

"Loweruka a padiri adzadalitsa chiliza cha atate anu," anatero. "Abale akubwera kuchokera ku Lifidzi, ena ku Dedza. Tikabwera kumanda ndikufuna a Mathero ayimbe m'nyumba muno. Iyi ndi ngoma imene anatsogolera chaka chimene tinakwatirana. M'menemu ndi mmene ananditchula koyamba pamaso pa anthu. Ina yonga iyi kulibe."

"Galavadolo yoyimbira makaseti ilipo, ndi yamoyo," anatero Odete. "Chasowa ndi chokankhira mawu ku makolunawa."

"Imeneyo ndi ntchito ya Dário. Si ndiye wophunzira? Upeze ampulifikadolo, mwanawe. Kaya yobwereka, kaya yotani, ine sindisankha. Ndingomva mawu a mwamuna wanga."

Dário anadziguguda pachifuwa. "Amayi, musadandaule. Ulongwe yense adzamva."

"Sindinati Ulongwe," anatero amayi. "Ndati ine."

Koma mnyamatayo anali atatuluka kale.

2. Magetsi ovina

Vasco ankagulitsa nthambo ndi makapa ovekera mafoni kumsika, ku merikado. Anali ndi tsitsi lonyezimira ndi pakamwa posatopa. Kuseri kwa banka yake yogulitsirapo ankasungako ampulifikadolo yakuda, yopepuka ngati chitini chopanda kanthu. Kutsogolo kwake kunali timagetsi tofiira ndi tobiriwira tothamangitsana, ndipo pambali anamatapo chipepala cholembedwa kuti mphamvu yake ndi mawati zikwi zisanu.

"Iyi, mano, m'bale wanga, ukayatsa, anthu a ku Dedza amatseka mazenera," anatero Vasco. "Itenge. Ungonena kuti ndi ya Vasco anthu akafunsa."

Dário sanafunse kuti imamveka bwanji. Anaona timagetsi, mtima n'kukhala pansi. Anthu ena amagula nkhuku poona nthenga.

Atafika nayo kunyumba analumikiza nthambo ku makoluna, nayatsa. Nyimbo isanayambe n'komwe, makolunawo anayamba kulira kuti sssii, ngati madzi agwera m'mafuta otentha. Dário anasankha nyimbo pa foni, napotokola pang'ono chokwezera mawu.

Phokoso lake! Malata anagwedezeka. Nkhuku zinabalalika pabwalo. Nyali ija inatsika pa koluna n'kukasweka pansi. Kuchipinda Mwayiwathu anadzuka ndi kulira kwa munthu wolumidwa ndi mavu.

Odete anatuluka ufa uli m'manja.

"Ndagonetsa mwana ndi msana wanga, iwe wam'dzutsa ndi chala chimodzi. Tenga um'bereke, katswiri."

"Mana, mlongo wanga, ndangokhudza pang'ono. Ili ndi mphamvu kwambiri."

"Mphamvu ali nazonso nkhumba ikamaphedwa. Ndani amakhala pansi kuimvera?"

Dário anatsitsa mawu. Atatsitsa, nyimbo inamira mu sssii uja. Atakweza, inabaya m'makutu. Pakati panalibe.

Amayi anatola magalasi a nyali. Atamaliza anati, "Atate ako ankayimba, sankakalipa. Kaseti yanga siilowa m'chinthu chimenecho. Pita kwa a Victorino."

3. Ng'ombe yosafuna chikwapu

A Victorino anali bwenzi la malemu Mathero, ndipo ana ankawatcha tiyo, ngati amalume awo. Pa unyamata wawo ankayendetsa magalimoto a katundu, ndipo amene anajambula kaseti ija ndi a Victorino omwewo. Tsopano maso awo anali atachita ng'ala, moti munthu ankamuzindikira ndi mawu. Koma pakamwa ng'ala panalibe. Akayamba kulankhula, nyemba zinkapsa pamoto anthu akudikira kuti amalize.

Anabwera atagwira phewa la Dário, ampulifikadolo yawo ili pa njinga. Inali yolemera ngati mwala wa mphero. Pamwamba pake panali chitsulo chadzimbiri chobowokabowoka ngati sefa. M'kati munkaoneka timabotolo tinayi tagalasi.

"Amenewo ndi mavalavula," anatero nkhalambayo. "Mawu amadutsa mmenemo."

"Ili ndi mawati angati, tiyo?"

"Asanu ndi atatu."

"Zikwi zisanu ndi zitatu?"

"Asanu ndi atatu, basi. Zala zako zikwana n'kutsalako ziwiri."

Dário anaseka. "Ya Vasco ili ndi zikwi zisanu."

"Chipepala ndicho chili ndi zikwi zisanu," anatero a Victorino, akukhala pampando. "Tamvera, mwana wa Mathero. Ng'ombe zapagoli zilipo mitundu iwiri. Ilipo yaliuma, yoti mpaka uithyolere chikwapu pamsana ndiye isuntha mwendo. Makoluna ambiri a masiku ano ndi otero, n'chifukwa chake amafuna zimawati zambirimbiri. Koma ilipo ng'ombe ina yoti ukangoimba mluzu yanyamuka. Makoluna a atate akowa ndi ng'ombe imeneyo. Mapepala ake m'katimu ndi opepuka ngati tsamba louma. Uwanong'oneze, iwo alankhula. Tsono iwe wabwera ndi chikwapu cha magetsi ovina. Ng'ombe yomvera ukaikwapula imathyola goli. Ndipo pakuti amamva msanga, amamvanso zinyalala zonse zimene chitini chimenecho chili nazo m'mimba. Sssii uja si makoluna ayi. Iwo angoulula. Posankha ampulifikadolo, usayambe kufunsa kuti ili ndi mphamvu zingati. Uyambe wafunsa kuti ng'ombe yako ndi yotani."

Analumikiza nthambo mopapasa, nayika kaseti yawo yakale ya magitala m'galavadolo. Atayatsa, panalibe chomveka.

"Yafa," anatero Dário.

"Ikuwotha. Iwe ukadzuka m'mawa wa Juni umayamba ndi kuyimba?"

Timabotolo tija tinayamba kufiira pang'onopang'ono ngati makala. Kenaka gitala analowa m'nyumbamo. Sanagwedeze malata. Anangolowa, ngati munthu wakhala pakona n'kuyamba kukhwatcha. Mpaka zala zinkamveka zikutsetsereka pa nsambo.

Amayi, amene ankasankha nyemba pakhomo, analeka kusankha.

Odete anasuzumira kuchipinda. "Mwana sanadzuke. Ine ndamaliza kuweruza."

"Wosankha ndi Dário," anatero amayi. "Ntchito ndinapatsa iye."

Dário anayang'ana yakuda ija, nayang'ananso yadzimbiri. Anakanda m'mutu.

"Titenge iyi ya a tiyo," anatero.

Makutu ake anasankha bwino. Tsoka lake n'lakuti munthu sakhala ndi makutu okha.

A Victorino anakweza chala. "Ndikukubwereka chifukwa cha Mathero. Koma umve, ndipo umvetse. Chinthuchi chimapumira pamwamba, m'mabowomo. Mavalavula ndi moto, mwanawe, moto weniweni wotsekeredwa m'galasi. Ine ndimadziwa nyumba zathu zino. Chilichonse chaulemu timachifunditsa. Wailesi tifunditse, televizawu tifunditse, ngakhale Baibulo tifunditse kuopa fumbi. Akazi athu amaluka tinsalu tokongola ta ntchito imeneyo. Ichi ayi. Chikhale chamaliseche. Osaikapo nsalu, osaikapo mbale, osaikapo ngakhale chipewa. Fumbi ndidzapukuta ndekha. Chinanso, chikayaka usazule nthambo za makoluna. Mphamvu yake ikasowa kopita imabwerera n'kudzidya m'kati. Zikavuta, thamangira ku tomada ya magetsi ya pakhoma, uzule kumeneko. Ampulifikadolo iyi ndayenda nayo kuyambira usanabadwe. Yapirira misewu ya nthawi ya nkhondo, yapirira ana anga asanu ndi mmodzi. Isadzafere m'manja mwa mwana wa desima kalasi."

"Ndamva, tiyo," anatero Dário.

Mawu amenewa ndi otsika mtengo. Mwana aliyense ali nawo.

4. Manyazi a dzimbiri

Loweruka m'mawa pabwalo panadzaza. Amayi a mumpingo ankasenda mbatatesi, amuna ankamanga chisakasa. A m'banja onse anavala nsalu yofanana, yobiriwira ya maluwa oyera, imene anagula chifukwa cha tsikulo.

Dário anatulutsa makoluna pakhonde, nayika ampulifikadolo ya a Victorino pa tebulo laling'ono. Vasco anafika kudzatenga yake, ndipo ataona chinthu chadzimbiricho anagwira m'mimba.

"Aise! Mukuwotcha chimanga? Mbaula iyi mwaitenga kuti?"

"Imamveka bwino," anatero Dário motsitsa.

"Kumveka! Anthu samva ndi makutu pa phwando, mano, amamva ndi maso. Asuweni ako a ku Dedza abwera ndi mafoni. Adzajambula. Lolemba shikola yonse idzakhala ikuona Dário ataima pambali pa khola la mbewa. Marisa wa m'kalasi mwako uja wafika kale, ali uko akusenda mbatatesi."

Dário anayang'ana kumene kunali atsikana. Wina anaseka. Mwina ankaseka zawo, koma mnyamata wamanyazi kuseka kulikonse amakutenga ngati kwake.

Nzeru inamubwerera, ndipo iye anaiona ngati nzeru. Anatenga galavadolo n'kuisanjika pamwamba pa ampulifikadolo yadzimbiri. Analowa m'nyumba, natenga chitenje chotsala cha nsalu ya chiliza ija, nafunditsa zonse ziwiri mpaka m'miyendo ya tebulo. Pamwamba penipeni anakhazikapo ya Vasco, nailumikiza ku magetsi okha kuti timagetsi tizivina.

"Mawu atuluke kwa agogo, ulemu upite kwa ife," anatero Vasco. "Ndiye kuphunzira kumeneko!"

Odete anadutsa ndi ndowa pamutu, mwana kumsana. Anaima. Anatula ndowa, nanyamula chitini cha Vasco, nasolola chitenje, natsitsa galavadolo.

"Nkhalamba ija inalankhula mpaka malovu kuuma. Unali kuti?"

"Mana, ndi kanthawi kochepa chabe. Anthu aziona bwanji chinthu chotere?"

"Anthu ati? Amene abwera kudzadya nyama ya mbuzi? Akakhuta apita. Kaseti ndi imodzi, Dário. Ine poto wanga ndi wakuda kunsi, koma sindinamuvekepo deresi. Ndikachipezanso pamenepa chitenjechi ndikufunditsa nacho iweyo."

Anasenza ndowa yake napita. Posakhalitsa belu la m'manja linalira, anthu onse n'kuyamba ulendo wa kumanda. Dário anati atsala pang'ono kuti aone za nthambo.

Atangotha anthu pabwalo, anabwezera zonse monga zinalili. Ataona kuti kufiira kwa mavalavula kukuonekera pansalu, anachipinda chitenjecho pawiri. Anayatsa, naika kaseti ya magitala ija kuti alendo adzapeze nyimbo pobwera. Kenaka anapukuta nsapato, nathamangira kumanda.

Unali mwezi wa Novembala, mvula isanagwe. Dzuwa linali loswa mtengo.

5. A Mathero ayimba

Mwambo wa kumanda unatalika. A padiri anadalitsa, akuluakulu a banja analankhula, aliyense kufuna kuposa mnzake. Nthawi yonseyo kunyumba kaseti ya magitala inali itatha kalekale, koma moto wa m'magalasi unali chiyakire pansi pa nsalu.

Pobwera, Odete anapita molunjika kumaphikiro kuseri kwa nyumba. A Victorino anawakhazika pampando pafupi ndi koluna. Iwo ankangoona mthunzi wobiriwira, ndipo ankayesa nsalu ya pa tebulo.

Alendo anayamikira. "Onani mwana wa Mathero mmene wakonzera! Mpaka kufunditsa. Ulemu amaudziwa."

Palibe anadabwa. Kwathu kuno chinthu chofunditsidwa ndicho chosamalidwa. Asuweni a ku Dedza anajambula timagetsi. Vasco anaima pambali manja ali m'thumba, ngati mwini galimoto.

Amayi Bernadete anatuluka m'nyumba ndi mpango uja. Anaumasula pamaso pa anthu, napereka kaseti kwa mwana wawo ndi manja awiri.

Dário analowetsa dzanja kunsi kwa chitenje. Chitsulo cha galavadolo chinamuwotcha chala. Anadzidzimuka, nayang'ana uku ndi uku. Marisa anali kutsogolo, maso ali pa iye. Pamenepo panali poti avundukule, azimitse, adikire kuti zizizire. Akadataya chiyani? Kusekedwa pang'ono. Palibe munthu anaikidwapo m'manda chifukwa chosekedwa.

Analowetsa kaseti, nakanikiza.

Choyamba kunamveka mapazi a amuna akupondera pamodzi, ndi zibonga zikugunda pa zishango. Kenaka mawu amodzi anakwera pamwamba pa onse, aakulu, osathamanga.

Mayi wina wa ku Lifidzi anagwira pakamwa. Mkulu wake wa malemuyo anavula chipewa. A Mathero anali pakhonde pawo, akupuma pakati pa mawu, akuseka pang'ono pamene anzawo anachedwa kuvomera.

Amayi Bernadete anakhala pa mphasa, natseka maso.

"Ikubwerayi ndiyo yanga," ananong'oneza. "Amati, tsegula khola iwe Nangozo, ng'ombe zako zafika."

A Victorino anakweza mphuno. "Kodi akuwotcha chiyani kumaphikiro?"

Nyimbo yachiwiri inayamba. Koma mawu a bambowo anayamba kulemera, kukokeka, ngati munthu woledzera. Anakwera, natsika, nakokekanso.

"Tsegula khola," anayimba a Mathero movutikira. "Tsegula khola, iwe Na..."

"Utsi!" anakuwa mwana wina.

Pakati pa maluwa oyera a chitenje panatuluka banga lakuda, likukula. Dário anazunguzika. Tomada inali pakhoma, poonekera. Iye anagwada kuseri kwa tebulo n'kukoka nthambo zimene dzanja linayamba kupeza. Zinali za makoluna.

M'kati mwa nsalu munamveka kuti thu! Fungo la chinthu chopserera linadzaza pakhonde.

Bambo wina anathamanga ndi ndowa ya madzi.

"Osathira! Mufuna maliro ena?" Anali Odete, chipande chili m'manja. Anazula ku tomada, nakankhira pansi chitini cha Vasco, nakoka chitenje n'kuchipondaponda pafumbi.

Anthu onse anaona zimene zinali kunsi.

6. Nsapato sizipita njira ziwiri

Vasco anatola ampulifikadolo yake, naipukuta ndi malaya.

"Ine ndinangobwereketsa timagetsi," anatero. Anadutsa kuseri kwa chisakasa, ndipo pa nyama sanaonekenso.

Odete anatsegula galavadolo ndi nsonga ya mpeni. Kaseti inatuluka itapindika ngati chikopa chouma padzuwa. Anaipereka kwa amayi, osayang'ana mlongo wake.

Amayi anaitembenuza m'manja. Sanalire. Kulira kukadakhala bwino.

"Anatsala pang'ono kunditchula," anatero.

A Victorino anapempha kuti awafikitse pa tebulo. Anadikira kuti chitsulo chizizire, napapasa mabowo, nanunkhiza kumbuyo kwake. Anapapasanso nthambo zozuka zija.

"Mwana wa Mathero, uli pati?"

"Ndili pano, tiyo."

"Ndinakuletsa zinthu ziwiri. Wazichita zonse, mwandondomeko, ngati ukuyankha ezame. Ndikufunse, unkabisa chiyani? Dzimbiri? Atate ako ankavina ngoma ndi malaya ong'ambika pamsana, anthu n'kumachoka ku Fonte Boa wapansi kudzawamva. Palibe anabwerera kwawo akukamba za malaya. Iwe unasankha bwino, ndinamva ndi makutu angawa. Kenaka unachita manyazi ndi chimene unasankha. Woipitsitsa ndi ameneyo, mwanawe. Wosadziwa timam'phunzitsa. Nanga wodziwa, amene amafunditsa chimene akudziwa kuti anzake am'womberere m'manja, tim'tani? Amene unkafuna kuwasangalatsa aja ali kuti? Ine sindiona. Tandiuza, alipo amene watsala kuti akuthandize kunyamula?"

Dário anayang'ana. Asuweni anali atatsata fungo la nyama. Marisa ankagawa mbale. Mafoni anali atajambula zonse, ndi utsi womwe.

"Palibe, tiyo."

Dzuwa litapendeka, alendo ambiri atapita, nkhalambayo inaitanitsa kaseti ija. Inalowetsa chala chaching'ono m'bowo, n'kuyesa kuzunguza. Sinazungulire.

"Chikwama chake chafa," inatero. "Koma kalamba kosunga mawu ka m'katika mwina sikanapse konse. Ku Tete kuli mnzanga Mário. Amadziwa kusamutsa kalamba kukaika m'chikwama china, ndipo ndi yekhayo amene angamangenso zimene zapsa mu ampulifikadolo yanga. Alibe foni, alibe chikwangwani. Nyumba yake ndimaidziwa ndine. Lolemba m'mawa ndikukwera shapa, minibasi ya ku Tete, kupita kuchipatala cha maso, ndipo ndikakhala kwa mwana wanga mpaka mvula ithe. Mário naye wakalamba, sindingalonjeze kuti adikira. Chitsulochi sindingachinyamule. Ndikufuna amene wachiwotcha achisenze, akafotokoze yekha pamaso pa Mário."

"Lolemba?" anatero Dário. "Tiyo, Lolemba m'mawa ndi ezame ya masamu."

"Ine ndanena za shapa. Za ezame sindikuzidziwa."

Odete anali pakhonde akuyamwitsa. "Ukaphonya ezame, chaka chapita," anatero. "Ndipo usamvere aliyense wokuuza kuti chaka n'chaching'ono. Ine ndinati ndipumeko chaka chimodzi. Si uyu ndanyamulayu."

"Ndiye ndisapite, mana?"

"Ine unandifunsa pofunditsa?"

Dário anatembenukira kwa amayi. "Amayi, mundiuze chochita."

Amayi anakulunga kaseti yopindikayo m'mpango wake. Analowa m'nyumba, ndipo sanaibwezere m'bokosi la zovala. Anakaiika pamwamba pa makadeno, mabuku a kushikola a Dário, pa tebulo limene ankawerengerapo.

"Sindikutuma," anatero. "Ndinakutuma kale."

Mnyamatayo anaima pakhomo, akuyang'ana mpango uli pa buku la masamu. Kumbuyo kwake makoluna awiri aja anali duu pakhonde, ndipo Odete anali atayambanso kupindira matewera pa limodzi.

Atamaliza anatola nsapato za mlongo wake, zili mbuu ndi fumbi la kumanda, naziponya pamapazi pake.

"Pukuta kawiri, monga mwa masiku onse," anatero. "Koma Lolemba nsapato zimenezi sizipita njira ziwiri."